Kaphirintiwa pakhoma la holo: dothi, thambo ndi zosayenera kujambula

Mwale wa ku Kapata: Odi akuluakulu pagulu pano. Gulu lathu la achinyamata lapatsidwa khoma lakunja la holo, mamita 3 m'mbali ndi mamita 2 kukwera, kuti tijambulepo chithunzi cha kumene tinachokera, mizimu ya makolo, ndi malo a munthu pansi pa thambo. Tasankha nthano ya Kaphirintiwa. Utoto tikufuna wa dothi lakwathu konkuno, osati wa m'zitini. Dothilo timalikonza bwanji kuti lisatsike ndi mvula yoyamba? Nanga Gule tingamuikemo?

NaBanda: Mwana wanga, dothi lokumba lero n'kupaka lero ndi matope chabe. Utoto uli m'kati mwa dothilo, uyenera kuutulutsa. Tenga ndowa ya malita 20, uthiremo dothi losafika theka, udzaze madzi, ligone usiku wonse kuti zibuma zisungunuke. M'mawa vundula ndi mthiko mpaka lonse lidzuke, kenaka chotsa mthiko uwerenge mpaka 60. Mchenga ndi timiyala zitsika pansi, koma madzi a pamwamba akhala ofiira. Madzi ofiirawo ndiwo ukufuna. Akhuthulire mu ndowa ina kudzera pa chitenje chakale, ndipo usapendeketse ndowa mpaka mchenga utsatire. Ndowa yachiwiriyo ikhale tsiku lathunthu osaigwedeza. Ukaona madzi ayera pamwamba, atunge pang'onopang'ono ndi kapu, phala lotsala pansi uliyale pa thumba, liume pamthunzi. Likauma lipere pa mphero kapena pa galasi lokhuthala ndi botolo. Poyesa, nyowetsa pang'ono ulitikite pa chikhadabo. Likamakanda, mchenga ukadalimo, bwereza kusefa.

Usadabwe ndowa yathunthu ikakupatsa makapu ochepa. Ndi mmene zimakhalira.

aTembo omanga: Amayi anena za dothi, ine ndifunse za khoma, chifukwa zithunzi zambiri zimafera pamenepo. Mwale, khomalo ndi la pulasitala wa simenti? Anapaka liti? Lili ndi penti kale?

Mwale wa ku Kapata: Pulasitala wa simenti, a Tembo, wapakidwa masabata awiri apitawa. Penti ayi. Layang'ana kumadzulo.

aTembo omanga: Ndiye dikirani. Pulasitala watsopano amafuna masiku 28 asanalandire chilichonse. Mukafulumira, mchere woyera uja umatuluka m'simenti udzatukula utoto kuchokera kumbuyo, mudzaona ngati khoma lamera ufa. Masikuwo akakwana, matani pepala la pulasitiki lalikulu ngati thireyi pakhoma ndi tepi mbali zonse zinayi, muchotse mawa lake. Pansi pake pakachita thukuta, khoma likadali ndi chinyontho, dikiraninso.

Kuti palibe penti ndi mwayi wanu, chifukwa njira yolimba pa dothi ndi laimu, ndipo laimu sagwira pa penti. Amafuna khoma lomwa madzi. Gulani laimu wa ufa wa omanga, mumuviike m'madzi masiku angapo mpaka akhale ngati phala lolimba. Popaka, gawo limodzi la phalalo, magawo atatu a madzi, zikhale ngati mkaka. Nyowetsani khoma kaye, pakani mopyapyala, dikirani tsiku, pakaninso, katatu. Wopaka mokhuthala kuti amalize msanga amapeza ming'alu ngati pansi pa dambo mu Okutobala. Laimu amawotcha, choncho magalasi m'maso ndi magolovesi m'manja, ndipo akagwera m'diso tsukani ndi madzi ambiri nthawi yomweyo.

Kumadzuloko ndiye vuto lina. Dzuwa la masana limaumitsa laimu asanagwire, amasanduka fumbi lomwe limatsalira pa malaya a aliyense wotsamira. Gwirani ntchito m'mawa khoma lili pamthunzi, ikakwana 11 koloko lekani, mupachike ziguduli zonyowa kutsogolo kwake osakhudza. Miyezi yabwino ndi Meyi mpaka Julayi. Ndipo masentimita 50 a pansi musajambulepo chofunika, mvula yodontha padenga imathovukira pamenepo ndi matope.

aPhiri a ku Katete: Za khoma zamveka. Ine ndili pa nthanoyo, chifukwa ambiri amaijambula ngati munda wa Edeni wovala nyanda. Si choncho ayi. Dziko linali louma, lopanda chamoyo. Kumwamba kunatseguka, mvula inagwa, ndipo pamodzi ndi mvulayo anatsika mwamuna ndi mkazi, ali ndi khasu, lichero ndi mtondo, nyama zonse, ndi Chauta mwini. Anatsikira pa thanthwe likadali lofewa, mapazi awo ndi a nyama anadinda pamenepo. Malowo ali ku mapiri a Dzalanyama, kumalire a Malawi ndi Mozambique. Anakhala onse mwamtendere mpaka tsiku limene munthu anapekesa timitengo tiwiri, kofewa ndi kolimba, moto n'kubuka. Tchire linapsa. Galu ndi mbuzi anathawira kwa munthu, njovu, mkango ndi zinzake zinathawira kuthengo zili ndi mkwiyo. Bilimankhwe anakwera mumtengo, Chauta sanathe kukwera, kangaude ndiye anamuponyera ulusi, nakwera nawo kumwamba. Atafika uko analamula kuti munthu azifa ndi kumutsatira.

Taonani mmene nthanoyo yamangidwira: chiyambi chimatsika ndi mvula, mathero amakwera ndi utsi. Ndi chaka chathu chomwechi, Novembala mvula, Ogasiti ndi Seputembala lupsa. Khoma lanu ligawike motero, dzanja lamanzere zotsika, lamanja zokwera, thanthwe la mapazi pakati. Zipangizo zitatu zija musasiyeko chimodzi, ndipo mtondo ukhale wathu wa chiuno, osati ibende ya m'mabuku a kwina.

Mwale wa ku Kapata: Zikomo atate. Nanga Chautayo timujambule bwanji? Mnzathu wina wajambula nkhalamba ya ndevu zoyera ili pamtambo.

aPhiri a ku Katete: Mufufute. Nkhalamba ya pamtamboyo inabwera ndi zithunzi za ku Ulaya. Makolo sanasemepo kapena kujambula nkhope ya Chauta, anamutchula ndi zimene amachita: Namalenga polenga, Mphambe m'ching'aning'ani ndi bingu, Chisumphi pa mvula, Leza polera. Utawaleza ndi uta wa Leza, dzina likunena lokha. Ndiye muli nazo kale zomusonyezera: mizere ya mvula kumanzere, utawaleza, ndi kumanja ulusi umodzi woyera wa kangaude wokwera kupyola utsi mpaka kutuluka pamwamba pa khoma. Pa ulusiwo pasakhale munthu. Woona adzadziwa yekha kuti wina wakwerapo.

aZulu aphunzitsi: Pa utawaleza ndiikepo mawu, poti ojambula amalakwitsa kawirikawiri. Utawaleza sukhala mbali imodzi ndi dzuwa. Umaoneka dzuwa lili kumbuyo kwa woyang'ana, ndiye chithunzi chokhala ndi dzuwa pakati pa utawaleza n'chabodza. Mtundu wofiira uli kunja kwa uta, wobiriwira pakati, wabuluu m'kati.

Tsono thambo la usiku. A Phiri akugawirani khoma pawiri, ndipo mwamwayi nyenyezi nazo zimagawika chimodzimodzi. Kumanzere, nyengo ya mvula, jambulani kum'mawa kwa madzulo a kumapeto a Novembala. Nsangwe zimakhala zitakwera kale chakumpoto pang'ono, ndiye kuti kumanzere kwa woyang'ana kum'mawa, kagulu kothithikana ka nyenyezi 6 kapena 7 zooneka ndi maso. Kumanja kwake ndi pansi pang'ono kumatuluka Akamwiniatsatana, nyenyezi zitatu pamzere. Kuno kwathu, pa madigiri 13 ndi theka kumwera kwa ikweta, zitatuzi zimatuluka zitapendekeka, yapamwamba ili chakumanzere, yapansi ili chakumanja.

Kumanja, nyengo ya lupsa, ndi kwa Mlalang'amba. Mu Ogasiti cha m'ma 19 kapena 20 koloko, chigawo chake chonenepa ndi chowala kwambiri chimakhala pamutu penipeni. Amene amagona ku Mkaika pa Kulamba, Loweruka lomaliza la Ogasiti, angayang'ane kumwamba ngati kulibe mwezi. Pa ola limenelo Nsangwe kulibe, zimatuluka cha pakati pa usiku, ndipo Akamwini amachedwa kuposa apo. Choncho musaziphatikize pa thambo limodzi la madzulo. Aliyense kwake.

aJere: Aphunzitsi mwaiwala mwezi. Ojambula a pa mabasi ndi m'mabala amaukonda kwambiri, nyenyezi ili m'kati mwa nyanga zake!

aZulu aphunzitsi: Imeneyo ndiyo yoyamba kufufuta, a Jere. Mbali yakuda ya mwezi si bowo, ndi mwezi womwewo, umatchinga nyenyezi za kumbuyo kwake. Mwezi ukangooneka kumene umakhala kumadzulo dzuwa litangolowa, mbali yowala yayang'ana pansi kumene dzuwa lalowera, nyanga zaloza m'mwamba ngati mbale. Mwezi wathunthu umatuluka kum'mawa pamene dzuwa likulowa, ndipo ukakhalapo Mlalang'amba umazimirira. Ndiye sankhani chimodzi, mwezi wathunthu kapena Mlalang'amba. Ine ndinganene kuti kumanja ikani kamwezi katsopano pansi penipeni pafupi ndi moto. Nthanda nayo isayikidwe pamutu. Sitalikirana ndi dzuwa kupitirira madigiri 47, choncho malo ake ndi chakumunsi, m'bandakucha kum'mawa kapena madzulo kumadzulo.

aJere: Chabwino. Koma ndidandaule pang'ono. Holoyo ili mu Chipata, dziko la Nkosi yama Nkosi Mpezeni, ndipo theka la ana odzaonawo ndi a Jere, a Zulu, a Tembo, a Miti. Achewa mwatenga khoma lonse ngati munda wa chimanga. Ifenso Angoni tili ndi nkhani yathu ya kumwamba, ndipo yathu ili ndi deti. Zwangendaba anawoloka Zambezi mu Novembala 1835, tsiku la kadamsana, dzuwa linada masana. Akatswiri anapeza chaka cha kuwolokako powerengera kadamsanayo. Kodi pali chithunzi cha munthu ndi thambo choposa chimenecho?

aPhiri a ku Katete: Alendo athu a 1835, mwafika dzulodzuloli mukufuna kale khoma? Nthabwala pambali, nkhaniyo ndi yolemera, koma ikufuna khoma lakelake. Mukaithira mu Kaphirintiwa zonse ziwiri zisanduka phala.

aZulu aphunzitsi: Ngati khoma lachiwiri lipezeka, kumbukirani kuti kadamsana wa dzuwa amachitika mwezi uli mumdima, utadutsa pakati pa ife ndi dzuwa. Chakuda chotchinga dzuwacho ndiwo mweziwo, ndiye musajambulenso mwezi wina pambali. Amene anaona wa pa 21 Juni 2001 ku Lusaka akudziwa maonekedwe ake: mbale yakuda, ulusi woyera kuzungulira, m'mphepete mwa dziko mofiirira mbali zonse ngati kukucha.

NaBanda: Tibwerere ku mitundu, chifukwa thambo lonse mukukambalo lifuna wakuda wabwino, ndipo wakuda ndiye wovuta kuposa onse.

Wofiira ndi wosavuta, katondo ali ponseponse. Sankhani wa pansi, wokumbidwa pa dzenje lakuya kapena m'mbali mwa msewu pamene anadula phiri, osati wapamwamba wosakanikirana ndi manyowa. Wachikasu mumaupeza m'mphepete mwa madambo ndi m'maenje a njerwa. Chinsinsi chake n'chakuti wachikasu ukauwotcha umafiira. Ikani ufa wake wouma pa phale kapena pa chiwaya chakale pa mbaula, muzitakasa ngati mukukazinga nsawawa. Pakatha mphindi 20 kapena 30 mudzaona ukusintha, ndipo mukamachotsako pang'onopang'ono nthawi zosiyana mupeza mitundu itatu kapena inayi kuchokera pa dothi limodzi. Malawi a moto wa lupsa atuluka pamenepo. Ndi zomwe zimachitikira njerwa mu uvuni, palibe zamatsenga.

Makande a kudambo musanyengeke nawo. Akanyowa amaoneka akuda bii, akauma amatuwa, ndipo amakoka n'kung'ambika. Makala opera amapereka wakuda wotuwira, wabwino pa utsi ndi mitambo koma wofooka pa usiku. Mwaye ndi wakuda kwambiri, koma uli ndi mafuta, umayandama pa madzi osasakanikirana. Udontheze kaye sipiriti pang'ono, uupere kukhala phala, kenaka madzi. Wabwino koposa ndi wa mafupa. Mafupa a ng'ombe owiritsa ndi kuuma, atsekereni m'chitini chokhala ndi kabowo kamodzi pa chivundikiro, chikwirireni m'makala a moto maola awiri kapena atatu. Chitini chikatseguka mpweya n'kulowa, mafupa amayera m'malo moda.

aTembo omanga: Ndiwonjezere pa amayi. Laimu ndi woyera, ndiye chilichonse mungasakanize naye chimatuwa, ndipo chikauma chimayera kwambiri kuposa mmene chimaonekera chili chonyowa. Komanso sanyamula ufa wambiri. Mukapitirira gawo limodzi la ufa pa magawo khumi a laimu, wotsalawo sagwira, amachoka ndi chala. Pa mitundu yofewa, monga thanthwe, mitambo ndi thambo la mvula, laimu ndi wokwana. Koma usiku wakuda ndi moto wofiira simungazipeze mu laimu. Pamenepo gulani ku hadiweya madzi oyera ngati mkaka aja omangira, a akiliki, amene timathira mu simenti kuti igwire. Gawo limodzi la iwo, magawo atatu a madzi, musakanize ndi ufa wanu. Malo amene mudzapake zimenezi musayambe mwapakapo laimu, pakani pa pulasitala weniweni. Ndiye jambulani malire a usiku ndi a moto musanatsegule thumba la laimu.

Guluu woyera wa matabwa ambiri amamuthamangira poti ndi wotchipa. M'nyumba amagwira, panja mvula ikamunyowetsa amafewa n'kuyera ngati chikanga.

Mwale wa ku Kapata: Tinamva kuti dzira limagwiranso. Ndi zoona?

NaBanda: Limagwira, koma osati pakhoma lakunja. Ndi la pa thabwa la m'nyumba. Mumatenga chachikasu chokha, kuboola kathumba kake, kusakaniza ndi madzi ofanana nacho, kenaka ndi phala la utoto lofanananso. Mumapanga wa tsiku limenelo basi, mawa wanunkha. Pa nsalu limathetheka, ndipo mphemvu zimalikonda. Pa pepala loyesera chithunzi chanu gwiritsani utomoni wa mthethe, gawo limodzi m'magawo awiri a madzi ofunda, usungunuke usiku wonse, musefe, muthire uchi pang'ono kuti usathetheke.

Chomangira chilichonse, yesani motere: pakani kachigawo, kaume, mutikite ndi chala chouma. Chala chikatenga utoto, chomangira chachepa. Pakanyezimira n'kuyamba ming'alu, chachuluka. Pakhoma yesani pakona masabata awiri musanayambe, muzithirapo madzi ndi kapu ngati mvula.

Amayi Daka: Ine ndafika mochedwa, koma funso lachiwiri la mwanayu silinayankhidwe, ndipo ndilo lingabweretse mlandu. Holoyo imalowa anthu a mipingo yonse. Gule pakhoma ena sadzamulandira, ndipo eni mzinda nawo angafunse kuti anakulolani ndani.

aPhiri a ku Katete: Amayi mwafunsa bwino. Gule ali m'nthanoyo kale, chifukwa pabwalo ndi pamene anthu, nyama ndi mizimu, amene moto unawalekanitsa, amakumananso kwa kanthawi. N'chifukwa chake zilombo zimatuluka pa maliro, pa mpalo ndi pa chinamwali. Ndiye kumusiya n'kudula nthano mchira. Koma malire alipo. Chimene chimaonekera pabwalo masana, pamaso pa amayi ndi ana, chimene aliyense amachiona ku Mkaika, chimenecho chingajambulidwe. UNESCO inalengeza Gule Wamkulu mu 2005 ngati chuma cha Malawi, Zambia ndi Mozambique, sitikubisa kuti alipo. Za kudambwe ndi zina. Chilombo chijambulidwe chathunthu monga chimafikira pabwalo, osati chikukonzeka, osati chili pakati, ndipo pagulu pano sitifotokoza zoposa apo.

Pa khoma lanu sindingaike zilombo zambiri. Kasiyamaliro mmodzi akwana, poti ndiye mayi wa zonse, amene amatsogolera womwalira kuchoka pamudzi. Muikeni pafupi ndi thanthwe la mapazi, kumene mbali ziwiri zikumana, mujambulidwe kuchokera m'mbali: thupi lalitali loyera, msana wolowa pakati, nyanga kutsogolo, mchira kumbuyo. Ndipo musanagwire burashi, tengani pepala la chithunzicho mupite nalo kwa anyakwawa amene ali ndi mzinda, osapita chimanjamanja. Akati chotsani ichi, chotsani. Mupitenso nalo kwa akomiti ya holo kuti a mipingo alione lisanafike pakhoma.

Amayi Daka: Apo ndagwirizana nazo. Nanga mizimu ya makolo? Musatijambulire zigaza ndi mizukwa ya m'mafilimu.

aPhiri a ku Katete: Mzimu wa kholo si mzukwa. Ndi agogo amene akadali a pabanja, kungoti saoneka. Umadziwika ndi malo ake ndi zimene umapatsidwa: kachisi kakang'ono ka udzu, tsinde la mtengo wa msolo, kansengwa ka ufa woyera, chikho cha mowa wamasese. Jambulani zimenezo, ndi mayi wachikulire atagwada akuthira ufa, mwana wa mwana wake wamkazi ali pambali. Ife mbumba imayenda ndi mayi, ndiye mzere wa makolo pakhomapo ukhale wa akazi, mwamuna woimirira kumbuyo kwawo akhale malume. Pa mitundu, woyera ndi wa ufa ndi mizimu, wakuda ndi wa mitambo ya mvula, n'chifukwa chake nsembe za mvula zinkapita ndi nsalu yakuda. Musaupatse wakuda ntchito ya zoipa monga amachitira a kunja.

aZulu aphunzitsi: Musanamalize pepala lanu, kaoneni mmene akale anachitira pa miyala, poti sitili kutali nazo. Ku Thandwe kufupi ndi Chipata, ku Kalemba m'boma la Chadiza ndi ku Makwe chakumwera kwa Katete kuli mapanga ojambulidwa, amene katswiri wa zakale David Phillipson anafukula. Ku Kalemba anapeza kuti anthu anakhalamo zaka zoposa 30,000 zapitazo, ngakhale zojambulazo n'zaposachedwa kuposa apo. Kutsidya kwa malire, ku Chongoni m'boma la Dedza, kuli malo 127 amene UNESCO inawalemba mu 2006. Mudzaona mitundu iwiri. Zofiira ndi zakale, za Akafula: mizere yozungulira ina m'kati mwa inzake, mizere yotsatana, zonga makwerero. Zoyera ndi za Achewa, zopaka ndi chala, zokhuthala, zina za nyau, zina za chinamwali zooneka ngati chikopa cha nyama choyalidwa, miyendo uku ndi uku.

Chophunzirapo chachikulu n'chakuti zofiira zakhalitsa chifukwa ufa wake unali wosalala ndi wopyapyala, unalowa m'mwala, pamene zoyera zokhuthala zimakhala pamwamba ndipo zimagwa msanga. Ndi zomwe anena amayi a Banda ndi a Tembo. Mukapita, dzerani kwa amfumu, ndipo dziwani kuti malo a kuno ku Zambia amatetezedwa ndi a National Heritage Conservation Commission. Osakhudza, osathira madzi kuti ziwale pa foni, osazungulizapo choko, osakanda kuti muone utoto.

NaBanda: Zoyera za chinamwalizo muzione ndi maso basi, musazikopere pakhoma la holo. Matanthauzo ake ndi a kutsimba, ali ndi anamkungwi. A Phiri atchinga za abambo, ine ndatchinga za amayi. Zozungulira zofiira zija mungabwerekeko pa m'mphepete mwa chithunzi, koma musalembe pansi kuti ili ndi dzuwa, iyi ndi mvula, ngati kuti eni ake anakuuzani.

Mwale wa ku Kapata: Tamva amayi. Funso lomaliza, chithunzi cha papepala timachikulitsa bwanji kuti anthu asatuluke ndi mitu yaikulu? Ndipo Mlalang'amba timaupaka ndi chiyani?

aTembo omanga: Pepala lanu likhale masentimita 30 kwa 20, ndiye kuti sentimita imodzi papepala ndi 10 pakhoma. Lembani mabokosi a masentimita 2 papepala, pakhoma a masentimita 20, atuluka 15 m'mbali ndi 10 kukwera. Mizere ya pakhoma musalembe ndi pensulo kapena maka, zimatulukira pansi pa laimu. Tengani chingwe cha omanga, chipakeni makala, awiri achikoke, wachitatu achikweze pakati n'kuchisiya chimenye khoma. Mzere woyamba wa pansi muuyese ndi levulo, osadalira maziko, ambiri ndi opendekeka. Jambulani ndi khala, bokosi ndi bokosi, kenaka pitani kutsidya kwa msewu mukayang'ane musanapake. Mukakhutira, kunthani makala otsala ndi nsalu youma. Popaka yambani pamwamba kutsika, kuti zodontha zigwere posapakidwa.

Vanishi wonyezimira pamapeto ayi. Amadetsa mitundu yonse ya dothi, dothi loyera amalisandutsa lotuwa ngati lanyowa, ndipo amatsekera chinyontho m'khoma mpaka zonse zitukuke. Mbali za laimu zikafooka pakapita zaka, mumangopakanso.

aZulu aphunzitsi: Mlalang'amba si mzere woyera wa penti ngati wa pamsewu. Yambani ndi usiku: wakuda wa mafupa wosakaniza ndi buluu pang'ono, wakuda kwambiri pamwamba, wofiirira pansi pafupi ndi moto chifukwa cha utsi. Ukauma, tengani woyera wosungunula kwambiri, pafupifupi madzi okhaokha, muudinde ndi kansalu kofinya motsatira njira yake, wotambalala pakati, wowonda kumapeto. Kenaka bwererani ndi wakuda mudule mpata pakati pake m'litali, chifukwa weniweniwo uli ndi mng'alu wakuda wougawa pawiri. Nyenyezi zing'onozing'ono ziwazeni ndi mswachi, mukukanda ndi chala chachikulu, zochuluka m'kati mwa njirayo, zochepa kunja. Zikuluzikulu zokha ndizo muike imodziimodzi ndi nsonga ya nthenga, ndipo zikhale madontho, osati za nsonga zisanu. Imodzi yowala ya pamutu mu Ogasiti, imene azungu amati Antares, ndi yofiirira, muipatse kadontho ka dothi lowotcha lija.

NaBanda: Buluuyo sangachoke m'dothi lathu, mugule. Wa ufa wochapira zovala amagwira, koma si onse amapirira laimu ndi simenti. Thirani pang'ono mu supuni ya phala la laimu, musiye usiku. Mawa akakhala wabuluu, ndi wabwino. Akasanduka wofiirira ngati dzimbiri, m'bwezereni kochapira.

aJere: Nanga ulusi wa kangaude uja, pa usiku wakuda, mupaka ndi chiyani kuti uwongoke mamita awiri? Dzanja limanjenjemera.

aTembo omanga: Chingwe chomwecho. Khomani msomali pamwamba pa khoma, mangani chingwe chopyapyala, kumunsi mwala kuti chilendewere chowongoka. Chiviikeni mu woyera wosakaniza ndi akiliki, muchifinye pakati pa zala kuti chisadonthe, wina agwire pansi, mukoke pakati pang'ono n'kusiya kamodzi kokha. Mukamenya kawiri mutuluka ulusi uwiri. Yesani kaye pa katoni yopakidwa wakuda womwewo, ndipo bowo la msomali mulitseke ndi phala la laimu mukamaliza.